Misulu ndi njiri: alipo amene anazionapo kuno kwathu?

Akuluakulu, ndithandizeni. Ku Uganda, m'nkhalango ya Queen Elizabeth, njiri ikaona gulu la misulu imagona pansi dala, misulu n'kuikwera pamsana kumatola nkhupakupa. Msulu wakhuta, njiri yapepukidwa. Kodi kuno, kaya ku Liwonde kaya ku Majete, alipo amene anaziona zimenezi ndi maso kapena pa kamera?

Ndikufunsa chifukwa ndinatchera kamera yodzijambulira yokha, ija imayaka chinthu chikadutsa, pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa mtsinje kumudzi kwathu. Pa miyezi iwiri yajambula anyani akudya nkhuyu m'mwamba, mbawala ili pansi kutolera zogwa. Kangapo ndithu. Phindu la mbawala likuonekeratu, nanga anyaniwo apindulanji? Malume anga akuti mbawala ikanunkhiza kambuku imauwa ngati galu, anyani n'kuthawa. Mwina n'zoona, koma ine ndikuona ngati mbawalayo ikungodyera masuku pamutu anzake.

Chinanso: misulu ndi yaifupi, ndiye kamera ndiimange chapansi bwanji kuti iigwire bwino? Anyani andipotokolera kale kamodzi, usiku wonse inangojambula masamba.