Hilux yakana kukoka ndi matayala akutsogolo, makanika akuti tigule transfer ina

Mlimi wa ku Chamama:
Akuluakulu a m'gulu muno, ndigawireni nzeru ndisanawononge ndalama ya ulimi. Ndili ndi Toyota Hilux yakale, LN106 ya dizilo, injini ya 3L, imene anatisiyira malemu bambo athu. Woyendetsa ndi mchimwene wanga wamng'ono, ine mlongo wake ndine wopisa m'thumba ikawonongeka. Pa msewu wouma ilibe vuto lililonse, ndipo m'mawa imalira popanda kukankha. Koma chiyambire mvula, ikangolowa m'matope imapalasa ndi matayala akumbuyo okha, akutsogolo ali duu. Kandodo kakang'ono ka 4x4 kaja kamalowa mosavuta mu H4 ndi mu L4, magiya okokera matayala onse anayi, kanyali ka pa dashibodi kamayaka, mahabu onse awiri, zopotokola zija za pakati pa matayala akutsogolo, timawaika pa LOCK, koma palibe chosintha.

Chinanso, kuseri kwa tayala lakutsogolo lakumanzere, pa chibulunga chachitsulo chija, pakutuluka zakuda zothithikana, zonunkha, mpaka zafika mu rimu.

Makanika wina pa Boma anangoimva kulira, pansi sanalowepo, n'kunena kuti transfer, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, yatha, tikagule ina ya kaunjika ku Lilongwe. Mtengo umene anatchula ndi wogulira ng'ombe. Feteleza wobereketsa ali pa Mtunthama, munda uli kutsidya kwa dambo, chimanga chikudikira. Kodi ndi transfer zoona, kapena pali poyambira pena?

Makanika wa ku Biwi:
Mayi, ndalamayo isungeni kaye. Transfer ya Hilux imeneyi siifa wamba, ndipo ikamafa siichita mwakachetechete: imalira, kapena kandodo kamadumpha kokha. Kanyali kamene mukuona kakuyaka kamayatsidwa ndi switch imene ili pa transfer pomwepo. Kamangokuuzani kuti kandodo kalowa, za ku matayala sikadziwa chilichonse.

Achimwene anuwo achite izi mawa m'mawa, sizifuna galaja. Galimoto iime pamalo pafulati, injini yozimitsa, handibuleki yokoka, miyala ku matayala akumbuyo. Mahabu akhale pa FREE, kandodo mu H4, giya mu 1. Alowe pansi agwire propshaft yakutsogolo, imene ikuchoka ku transfer kupita ku difu yakutsogolo (yogawa mphamvu ku matayala awiriwo), ayese kuipotokola ndi manja. Ikangogwedezeka pang'ono n'kukana, ndiye kuti transfer ikugwira ntchito yake, makanika uja anaphonya. Ikamazungulira osaima, pamenepo ndi pamene tingakambe za transfer.

Akatero abwezere kandodo mu H2 (mokokera matayala akumbuyo okha), mahabu onse pa LOCK, akweze tayala limodzi lakutsogolo ndi jeke, linalo likhale pansi. Azungulitse tayala lokwezedwalo ndi manja, inu muziyang'ana propshaft ija. Iyenera kuzungulira nawo. Atsitse, achite chimodzimodzi mbali inayo. Ngati tayala likuzungulira lokha, propshaft ili chete, vuto lili ku habu kapena ku shafiti ya m'kati. Mudzatiuze zimene mwaona mbali iliyonse.

Mlimi wa ku Chamama:
Zikomo kwambiri bambo. Koma chikundizunguza mutu n'chakuti, habu imodzi itakhala yowonongeka, tayala la mbali inayo silikanakoka? Chifukwa onse awiri sakuchita kanthu.

Makanika wa ku Biwi:
Ayi mayi, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Difu imapereka mphamvu kumbali imene ili yopepuka. Habu yakumanzere ikapanda kugwira, shafiti ya mbali imeneyo imangozungulira yokha m'kati, mphamvu yonse imathera komweko, tayala lakumanja silitsala ndi kanthu kokokera. Ndiye habu imodzi yokha ikhoza kupha kutsogolo konse, inu n'kumaona ngati transfer. Ndi chimodzimodzi mukatitimira tayala limodzi lakumbuyo lili m'matope linalo pouma, lija la m'matope ndi limene limapalasa.

Mnyamata wa matola pa Santhe:
Madam gulitsani basi mugule Nissan Hardbody. Za 1990 izi zidzakudyerani fodya wa chaka chonse.

Dalaivala wopuma wa pa esiteti:
Iwe mwana, Hardbody ya TD27 ndi galimoto yabwino, sindikana, ilibe ndi lamba wa timing womwe chifukwa imayendera magiya. Koma mayiwa sanafunse za kugula galimoto. LN106 kutsogolo ili ndi ekiselo yathunthu yokhala pa masipuling'i, ngati Land Cruiser, ndipo m'misewu ya kumidzi ya ku Wimbe ndi Chamama ndi imene imapirira mabampu ndi katundu. Za pambuyo pake, zija za injini ya 5L, zinabwera ndi kutsogolo kofewa, zimakoma kukwera koma zitsulo zotha ndi zambiri.

Mayi, ine ndayendetsa zoterezi m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu mpaka imvi, ndipo ndikufunseni: m'chilimwe mahabuwo mumawakhudza? Ambiri amawasiya pa FREE kuyambira Epulo mpaka Novembala. Miyezi yonseyo zitsulo za kutsogolo sizizungulira, oyilo safika pamwamba, girizi wa mu habu amauma ndi fumbi. Buku la galimotoyo limanena kuti mwezi uliwonse muziyenda makilomita 16 mahabu ali pa LOCK. Kandodo kakhoza kukhala mu H2, cholinga n'chakuti za m'katimo zizungulire. M'kati mwa habu muli kachitsulo ka mano kamene kamakankhidwa ndi sipuling'i. Mukapotokola kunja kufika pa LOCK, dzanja lanu silikankha kachitsuloko mwachindunji, limangopanikiza sipuling'i. Kakagwidwa ndi dzimbiri kapena girizi wouma, kunja kumaonetsa LOCK m'kati musanalowe kanthu.

Mlimi wa ku Chamama:
Agogo, mwalasa. Chichokere ku okushoni ya fodya ku Chinkhoma mpaka mvula kuyamba, mchimwene wanga sanawakhudzepo.

Wogulitsa masipeya pa Kamwendo:
Ine ndikambe za zakuda zikutulukazo, chifukwa anzanga akulimbana ndi habu koma izi ndi zimene zingakupwetekeni. M'chibulunga chija mumakhala girizi yekha, wa CV joint, mfundo ya shafiti yolola tayala kukoka likukhota, imene amakanika ena amaitcha birfield. Oyilo wa difu amakhala mbali yake, ndipo pakati pawo pali oil seal imodzi pa shafiti. Seal imeneyo ikatha, oyilo amalowa m'chibulunga, kusungunula girizi, zonse n'kumatuluka kuseri. Fungo limene mukumva ndi la oyilo wa difu. Zotsatira zake, difu ikutsala yopanda oyilo, CV ikutsala yopanda girizi, ndipo zikafika pa disiki ndi ma pad, mukaponda buleki galimoto izikokera kumanja chifukwa kumanzere sikukugwira. Ndi feteleza kumbuyo, pa chitunda, si zoseweretsa.

Mugule kiti yonse ya knuckle, chibulunga chija: seal ya m'kati, mafelti ndi marabala a kuseri, magasiketi, ndi ma bearing awiri a pamwamba ndi pansi pa chibulunga. Pangani mbali zonse ziwiri kamodzi, inayo ili m'njira. Ndine wogulitsa koma ndikuuzani zoona, pa seal ya m'katiyo musaumire, gulani yeniyeni. Ndi kanthu kakang'ono, koma kuti mukafikire mumamasula mbali yonse, ndiye ikadonthanso mulipira ntchito kawiri.

Makanika wa ku Biwi:
Zoona zimenezo achimwene, koma onjezerani breather. Pamwamba pa ekiselo pali kachitsulo kakang'ono ka chipewa kopumira difu. Matope akakatseka, difu ikatentha mpweya umasowa kotulukira ndipo umakankha oyilo kudutsa pa seal. Mutha kuika seal yatsopano lero, mwezi wamawa yayambanso kudontha chifukwa cha kachitsulo kameneko. Kamasuleni, katsukeni ndi dizilo, muuziremo mpaka mpweya udutse. Poti mumawoloka dambo, ndi bwino kuikapo paipi yaitali ikwere mpaka mu boneti. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka mpweya, ndipo ngati popumira pali pansi pa madzi, imakoka madziwo. Tsegulani pulagi muone: oyilo akaoneka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, mwalowa madzi, akhuthulidwe yense, kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Wothiramo ndi GL-5, 80W-90 kapena 85W-90. Muyambe kumasula pulagi yothirira, yokhuthulira pambuyo. Ndaonapo anthu atakhuthula oyilo yense kenako yothirira n'kukana kumasuka.

Mnyamata wa matola pa Santhe:
Kwathu kuno timangowotcherera habu ikhale LOCK mpaka kale. Palibenso zotsika m'matope kukapotokola.

Dalaivala wopuma wa pa esiteti:
Kusiya mahabu pa LOCK nyengo yonse ya mvula n'kololedwa, mungomva dizilo akutha msanga pang'ono ndi kaphokoso kutsogolo. Koma moto wa welding pa habu ayi, tsiku lodzafuna kusintha bearing mudzadula ndi girainda. Chimene chimapha galimoto zimenezi ndi china: kutuluka m'matope n'kukwera M1 kandodo kadakali mu H4. Galimotoyi ilibe difu ya pakati. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa dothi amatererako pang'ono, zimatha bwino. Pa tala sangaterere, ndiye mashafiti amapotana, siteling'i imalemera, mapeto ake CV imasweka. Dalaivala akaona kandodo kakukana kubwerera mu H2, asamenye ndi chibakera, abwerere m'mbuyo pang'ono matayala ali owongoka, kamasuka kokha. L4 alowetse ataima, ataponda kilachi. Ndipo akatitimira asapondereze moto siteling'i ili yokhotetsa mpaka kumapeto, pamenepo ndi pamene CV ili yofooka kwambiri.

Matayala anayi onse akhale a saizi imodzi. Izi zogula tayala limodzilimodzi la kaunjika, kutsogolo lina kumbuyo lina, pa galimoto wamba zimatheka, koma pa 4x4 zimapotanitsa zitsulo ngakhale pa msewu wowongoka.

Mayi wa geni ku Mkanda:
Achemwali, ine za zitsulo sindidziwa, koma ndili ndi yonga yomweyo imene imandinyamulira mtedza ndi soya. Chilichonse chimene makanika wachotsa, akupatseni m'manja, ndipo masipeya mukagule nokha kapena mupite naye. Akaona kuti mwini wake ndi mayi, ena amangotchula chinthu chachikulu chodula. Ngati ku Lilongwe kwavuta, ife a ku Mchinji timawolokera pa Mwami kukafunsa ku Chipata, za Hilux yakale zimapezekako.

Wa ku Nkhamenya:
Pepani ndilowerere, yanga ndi 3L yomweyo, kanyali ka T-BELT kayaka sabata yatha. Ndingayende nayo mpaka tigulitse fodya?

Makanika wa ku Biwi:
Bambo a ku Nkhamenya, kanyali kameneko kamayaka pa makilomita 100,000 aliwonse, kukukumbutsani lamba wa timing. Pa injini ya 3L lambayo akaduka, mapisitoni amamenya mavalavu. Msika wa fodya uli kutali, sinthani pano pamodzi ndi tensioner yake, chokungira lambayo. Nanunso mayi a ku Chamama, ngati simukudziwa kuti malemu anasintha liti, muwerengere kuti sanasinthe.

Mlimi wa ku Chamama:
Ndabwera ndi zotsatira. Kandodo kali mu H4, propshaft yakana kuzungulira ndi manja, mchimwene wanga analimbana nayo ndithu. Titabwezera mu H2 n'kukweza tayala lakumanzere, propshaft yazungulira nawo bwinobwino. Titakweza lakumanja, tayala likungozungulira lokha, propshaft ili chete, phokoso palibe. Ndiye ndadabwa, chifukwa kumene kukudontha ndi kumanzere. Oyilo wa difu yakutsogolo chala sichinamufike n'komwe, wa kumbuyo ndi wotuwa.

Makanika wa ku Biwi:
Mwayesa bwino mayi, ndipo mwapeza matenda awiri osiyana. Transfer ili moyo. Tiwerenge bwino zimene mwaona: mutakweza lakumanzere, kuzungulira kwake kunafika mpaka ku difu, ndiye habu ndi shafiti ya kumanzere n'zabwino, kumeneko ndi seal yokha. Lakumanja silinafikitse kanthu ku difu, ndiye mphamvu ikuthawira kumanja. Poti palibe kugogoda kapena kukhukhuluza, ndikukayikira habu, osati CV yosweka.

Aike habu yakumanjayo pa FREE, amasule mabawuti asanu ndi limodzi a chivundikiro ndi sipana ya 10, achikoke. Kachitsulo ka mano ndi sipuling'i zituluka pamodzi ndi chivundikirocho. Azitsuke ndi parafini kapena dizilo, apale dzimbiri, aone ngati sipuling'i sinaduke kapena kuchoka m'malo mwake. Popaka girizi apake wochepa kwambiri, wongonyowetsa mano. Anthu amadzaza girizi kuganiza kuti akuchita bwino, pamene ndi amene amakaniza kachitsuloko kuyenda. Chivundikiro chisanabwerere, agwire nsonga ya shafiti imene ikuoneka pakatipo ayese kuizungulitsa, propshaft itagwidwa ndi munthu wina ndipo tayala lakumanzere lili pansi pa LOCK. Ikakana, shafiti ndi yathunthu. Ikamazungulira yokha, CV yasweka, galimoto isalowenso mu H4 mpaka itatsegulidwa.

Ntchito ya seal ija musapange pakhomo. Imafuna soketi ya 54 ya manati a bearing ndi munthu wodziwa kumanga ma bearing molingana, komanso mawashala aja osongoka a pa habu amatuluka pomenya masitadi ndi chitsulo chofewa cha brass, osati kukomola ndi tchizulo.

Mlimi wa ku Chamama:
Chivundikiro tatsegula, m'kati muli dzimbiri ndi matope ouma, gasiketi inang'ambika. Tatsuka, kachitsulo kakuyenda tsopano, shafiti yakana kuzungulira yokha, ndipo titabwezera, tayala lakumanja likuzungulitsa propshaft. Ndingatute feteleza mawa seal tisanakonze? Makanika amene ndamupeza pa Mtunthama akuti kiti ifika Lachisanu.

Makanika wa ku Biwi:
Mungatute, koma muyambe mwathira oyilo mu difu yakutsogolo mpaka atulukire pa bowo lothirira, wa kumbuyo mukhuthule muthire watsopano, ndipo mutsegule breather zonse ziwiri. Mutsuke disiki yakumanzere ndi brake cleaner, muyese buleki pa liwiro lochepa musanapakire. Ikamakokera mbali, ma pad amwa oyilo, asinthidwe mbali zonse musananyamuke. Matumba a 50 kg musapitirire 14 ulendo umodzi poti m'galimotomo mukhalanso anthu, bola kubwereza ulendo. Habu yotsegulidwayo ilibe gasiketi, ndiye mudule ya pepala lolimba muike kaye, ndipo pa kiti ya Lachisanu muuze makanikayo awonjezere magasiketi a mahabu onse awiri.