Code ya reboot mu Linux kernel (mtima wa Linux wolamulira hardware) ikubwereza zinthu kawiri, ndichotse kapena ndisiye?

Muli bwanji nonse a pagulu pano. Ine ndimakonza makompyuta akale kuno ku Chilenje, madzulo ndikaweruka ndimawerengako source ya Linux chifukwa ndikufunitsitsa kutumiza patch (kusintha kwa code) yanga yoyamba chaka chino chisanathe. Chinandifikitsa ku reboot ndi desktop imodzi ya kasitomala, ukalemba reboot imatseka zonse bwinobwino kenako screen yakuda, fani ikungozungulira, mpaka ukadine batani ndi chala. Magetsi akazima n'kubwerera imayaka yokha bwino, koma reboot yokhayo ndiye ayi.

Ndiye ndinatsegula arch/x86/kernel/reboot.c, pa function ya native_machine_emergency_restart. Abale, zimene ndaona zandisokoneza mutu. Kernel iyamba ndi ACPI, njira ya firmware yolamulira mphamvu ya kompyuta, ikakanika ipita pa keyboard controller kulemba 0xfe pa port 0x64, ndipo osati kamodzi, loop yake imazungulira ka 10. Ikatero ibwereranso ku ACPI yomwe ija, kenako keyboard kachiwirinso, ndiye EFI (firmware yamakono), BIOS (yakale), port 0xcf9 (ya reset pa chipset), pomaliza triple fault, kumene CPU imachita kugwetsedwa dala. Pamwamba pake ikulembanso pa address 0x472, malo a BIOS akalekale aja oikapo 0x1234 ngati ndi warm reboot.

Funso langa ndi ili: chinthu chakana koyamba, kuchiyesanso kachiwiri phindu lake n'chiyani? Ndachotsa kubwereza kuja, ndapanga build, mu QEMU, program yoyerekeza kompyuta, ikuchita reboot popanda vuto ngakhale pang'ono. Nditumize kwa ma maintainer, osamalira code imeneyi, kapena pali chimene sindikuona? Sindikufuna kuwatayitsa nthawi akuluakulu, komanso sindikufuna kukhala chete ngati ndi zinyalala zenizeni.

Mkulu wina wa ku Matero:
Achimwene musatumize kaye, dikirani. Mwawerenga comment ili pamwamba pa function yomweyo? Ikunena kuti ndondomeko imeneyo ikutsanzira mmene Windows imachitira. Opanga ma motherboard ambiri amayesa katundu wawo ndi Windows basi, ikachita reboot amati zatheka, n'kutumiza ku msika. Matthew Garrett, wolemba code ya Linux kernel, ndi amene anasintha dongosolo limeneli cha mu 2011, ndipo chimene anapeza n'chakuti pa makina ambiri register ya ACPI ija imaloza ku 0xcf9 komweko, ndipo 0xcf9 imafuna kulembedwa kawiri, pakati papite kanthawi. Onani pamunsi pa code ya CF9, muona outb iwiri ndi udelay(50) pakati. Ndiye kuyesa ACPI, kudutsa pa keyboard, n'kubwereranso ku ACPI, mwalemba kawiri ndipo kanthawi kaja kadutsa. Chimene mukuti ndi chobwereza ndi chimene chikudzutsa makina a anthu ena.

Wofunsa:
Akulu zikomo. Comment ndinaiona koma ndinangoti ndi mbiri chabe, sindinalumikize ndi za kulemba kawirizo. Nanga QEMU bwanji sikudandaula?

Mkulu wa ku Matero:
QEMU ndi kompyuta yomvera, imadzuka pa kuyesa koyamba, ndiye mizere mwachotsayo sinafikidwe n'komwe. Simunayese patch yanu, mwayesa mzere woyamba wokha.

Mlongo wina wa ku Kabwata:
Ine ndionjezepo pang'ono, ndimagwira za ma server. Code ya reboot ndi yovuta kuiunika chifukwa pofika pamenepo ma CPU ena aimitsidwa, disk yatsekedwa, log palibe poilemba. Ikalakwika simuona error, muona mdima basi ngati wa kasitomala wanuyo. Ndipo server ikakhala kutali, tinene ku Chipata inu muli mu Lusaka, ndiye kuti munthu akwere basi kukadina batani. N'chifukwa chake ma maintainer safulumira kuchotsa kanthu mmenemo ngakhale kakuoneka kopanda ntchito, phindu ndi mizere isanu yochepa, chiopsezo ndi makina amene inu simunawaonepo. Musanakhudze mzere uliwonse pangani git blame kuti muone anausintha ndani, mutenge commit yake, cholembedwa cha kusinthako, muwerenge ndi git show, kawirikawiri mupeza wina analemba dzina la laptop imene inkakana. Walira mvula walira matope, mukafuna kernel muvomere kukumba mbiri.

Mnyamata wina wa ku UNZA:
Koma akuluakulu tisamuopseze munthu. Code yakufa ilipodi mu kernel ndipo imachotsedwa, support ya CPU yakale ya Intel 386 anaichotsa mu kernel 3.8 dziko silinathe. Nkhani ndi umboni. Ngati mungaonetse kuti mzere sungafikidwe pa config iliyonse, 32-bit ndi 64-bit yomwe, tumizani. Koma "kwa ine ikugwira" si umboni. Pambali, mwaona magic number za reboot syscall, manambala amene program iyenera kupereka popempha kernel kuchita reboot? Yoyamba ndi 0xfee1dead, inayo 672274793 mukaitembenuza mu hex ndi 28121969, 28-12-1969, tsiku lobadwa Linus Torvalds amene anayambitsa Linux. Nazonso munthu angati n'zosafunika koma zimateteza kuti program yosokonekera isazimitse makina mwangozi.

Mlongo wa ku Kabwata:
Zoona mng'ono wanga, sitikumuletsa. Koma achimwene ofunsa, ine ndikuona patch yanu yeniyeni ili pa tebulo panupo, ndi desktop yokanayo. Pa GRUB, menyu yoyatsira Linux, onjezani reboot=pci (ndiyo njira ya 0xcf9 ija) muyese, ikakana reboot=bios, reboot=efi, reboot=triple, imodzi imodzi. Mu file yomweyo muli reboot_dmi_table, mndandanda wautali wa makina a Dell, Apple, Sony ndi ena, aliyense ndi njira imene imamugwirira. Makina anu ngati mulibe mmenemo, kuwaonjezera ndi ntchito yothandiza anthu ndipo umboni muli nawo m'manja.

Wofunsa:
Ndabwera abale, pepani magetsi anapita masana onse. Ndayesa monga mwanenera achemwali. reboot=bios yakana, mdima womwe uja. reboot=pci yadzuka nthawi yomweyo, ndabwereza ka 15 osaphonya ngakhale kamodzi, mtima wanga uli mbee. Ndayang'ana mu table, model imeneyi mulibe. Patch yochotsa ija ndaisiya, branch ndafufuta. Manje dmidecode, program yoonetsa mayina a makina, ikundipatsa product name komanso board name, pa DMI_MATCH yozindikirira makina mu table ndigwiritse iti kuti ndisakole makina ena osalakwa?

Mkulu wa ku Matero:
Yambani mwaona ngati BIOS ili ndi update, mwina anakonza kale. Ngati ilibe, tengani sys vendor ndi product name monga ena achitira mu table, board name muionjeze pokhapokha product name ikakhala ya makina ambirimbiri. Yesaninso pa kernel yatsopano ya mainline osati ya distro yokha. Mukatha kuunika patch ndi checkpatch.pl, get_maintainer.pl ikuuzani otumizira, ndipo mu commit message mulembe njira zonse mwayesa ndi imene yagwira. Muiike pano tiione isanapite.