Kodi ma CDR angasonyezedi pamene munthu anali?

Wazamalamulo22:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa mlandu wina, a boma abweretsa ma CDR (zolemba zosonyeza mafoni omwe anaimbidwa, nthawi yake ndi nsanja yomwe foni inagwira) ochokera ku kampani ya mafoni, ndipo akuti foni ya woimbidwa mlandu inali pamalo a chiwembu cha m'ma 9 koloko usiku. Fayilo yake ili ndi mizere yambirimbiri. Ndiyambire pati kuti ndione ngati akunena zoona?

Injiniya_RF:
Yambani ndi nthawi. Makampani ena amalemba nthawi mu UTC (nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayenderapo), ena mu nthawi ya dziko lomwelo. Afunseni ndipo ayankhe polemba kalata, chifukwa kusiyana kwa maola awiri okha kungaike munthu pamalo pomwe anali atachokapo kalekale.

Kenako pemphani mndandanda wa nsanja monga unalili pa tsikulo, osati wa lero. Nsanja zimawonjezedwa, ma antena amatembenuzidwa, ma Cell ID (manambala ozindikiritsa gawo la nsanja lomwe foni yagwira) amasinthidwa. Mndandandawo usonyeze pamene nsanja iliyonse ili komanso azimuth, kutanthauza mbali yomwe antena yayang'ana. Nsanja zambiri zili ndi magawo atatu, lililonse la madigiri pafupifupi 120. Choncho CDR imangokuuzani gawo lomwe foni inagwira, sinena nyumba kapena msewu.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: foni siigwira nsanja yapafupi nthawi zonse. Imagwira yomwe siginolo yake ikufika bwino. Phiri kapena nyumba yaitali ingatchinge nsanja yapafupi, ndipo ikadzaza ndi anthu foni imakankhidwira kwina. M'tauni gawo limodzi lingakhale la mamita mazana ochepa, koma kumidzi netiweki wamba ya GSM (2G) imafika mpaka makilomita 35. Mukaona mapu okhala ndi kadontho kamodzi akuti "anali apa", funsani kuti kadonthoko kachokera kuti.

Mlonda_wa_Data:
A Injiniya anena bwino. Ndiwonjezere za fayilo yeniyeniyo. Musagwire ntchito pa fayilo yoyambirira. Itengereni hash ya SHA-256 (chidindo cha pa kompyuta chosonyeza ngati fayilo yasinthidwa), isungeni padera, ndipo muzigwiritsa ntchito kope. Excel imawononga mwakachetechete: imachotsa 0 woyambirira pa nambala ya foni, ndipo manambala opitirira 15 imawasandutsa maziro kumapeto. Polowetsa fayilo mu Excel, makolamu onse akhale Text.

Werenganinso mizere. Chiwerengero cha mizere ya mu fayilo ya kampani chifanane ndi cha mu lipoti la apolisi. Si nkhani yaing'ono iyi. Ku Denmark mu 2019 zinapezeka kuti pulogalamu ya apolisi yosinthira deta inkasiya mizere ina, ndipo mafoni ena ankalumikizidwa ku nsanja zolakwika. Milandu yoposa 10,000 inaunikidwanso, anthu 32 anatulutsidwa m'ndende.

Siyanitsani IMSI ndi IMEI. IMSI ndi nambala yozindikiritsa SIM khadi, IMEI ndi yozindikiritsa foni. Munthu akasintha SIM koma foni ndi yomweyo, IMEI imamuulula. Poyerekeza ma IMEI gwiritsani ntchito manambala 14 oyambirira okha, chifukwa ya nambala 15 nthawi zambiri imalembedwa 0 m'ma CDR.

Wazamalamulo22:
Zikomo kwambiri. Nanga pali mizere ya masekondi ochepa yomwe ilibe Cell ID. Imeneyi ndi chiyani?

Mayi_Wofufuza:
Kawirikawiri ndi mafoni omwe anapita ku voicemail kapena anapatutsidwira nambala ina pomwe foni inali yozima kapena kunja kwa netiweki. Onani kolamu ya mtundu wa kuimbako. Mzere wotere sunena kanthu za komwe foni inali, ndipo si umboni woti anthuwo analankhulana. Samalaninso: pa mzere uliwonse tsimikizani kuti Cell ID ndi ya woimba kapena ya wolandira, anthu amasokoneza ziwirizi.

Mafoni a pa WhatsApp simuwapeza m'menemo. Amangooneka ngati deta yomwe inagwiritsidwa ntchito, popanda nambala ya yemwe analankhula naye.

Ndipo a loya, musaiwale kuti CDR imatsata foni, osati munthu. A boma ayenera kusonyeza kuti inali m'manja mwa woimbidwa mlanduyo usiku umenewo. Onani miyezi ingapo m'mbuyo: nsanja yomwe foni imagwira pakati pa usiku, nambala zomwe imaimbira kawirikawiri. Ngati gawo lomwe akuti ndi la pamalo a chiwembu ndi lomwenso limafika kunyumba kwake, umboniwo wafooka kwambiri. Ngati mukufuna zolemba za miyezi imeneyo, pemphani chilolezo cha khoti msanga, chifukwa makampani amafufuta zakale nthawi yosungira ikakwana.