Gulu la Adzukulu a Agogo: Za Khola la Nkhuku ku Bembeke

Mzime: Mwadzuka bwanji nonse. Kuno sikunache bwino. Chilombo chija chalowanso m'khitchini mwa agogo usiku. Misoti itatu ndi thadzi lomwe limafungatira lija, zonse zafa.

Amayi Aang'ono: Mayo ine! Lamawanga lija?

Mzime: Lomwelo. Agogo amaika kamwala pawindo tsiku lililonse chiyambireni kufungatira. Timiyala tinakwana 17.

Amayi Aang'ono: Masiku anayi okha mazira akanaswa. Zowawa.

Malume: Chakokera kunja kapena chazisiya pomwepo?

Mzime: Zonse zili pomwepo malume. Chaluma m'khosi ndi kumutu, thupi osalikhudza.

Malume: Ameneyo ndi likongwe. Vumbwe amanyamula imodzi n'kukadyera kuthengo, galu amasiya nthenga bwalo lonse. Tayang'ana kunsi kwa chitseko.

Mzime: Pali mpata. Zala zitatu zikulowa.

Malume: Khomo lake ndi limenelo.

Achimwene a ku Joni: Ine ndinanena chaka chatha. Timange khola la njerwa, simenti pansi, malata pamwamba, tiikemo nkhuku za mazira 200. Agogo azingotolera ndalama atakhala.

Achemwali Aakulu: Achimwene, nkhuku 200 azizidyetsa ndani? Zimenezo sizidya gaga wa kuchigayo, zimafuna chakudya cha m'thumba tsiku ndi tsiku. Mwezi umene inu simutumiza, zidya agogo?

Achimwene a ku Joni: Ndangopereka maganizo.

Malume: Maganizo tamva mphwanga, tiwasunge. Amayi atsala ndi nkhuku 11 zachikuda. Timange khola lam'mwamba lokwana 20 basi. Njerwa kwathu kuja zimagwira chinyezi dzinja lonse, ndiye nkhuku yogona pa chitosi chake chonyowa sichedwa kudwala. Lam'mwamba chitosi chimagwera pansi, mphepo imapita, galu safikira. Alamu a ku Lilongwe ndinu a matabwa, tithandizeni.

Alamu: Zikomo malume. Ine ndikuona chonchi. Mulitali mamita awiri ndi theka, mulifupi awiri. Nsanamira zisanu ndi imodzi za bulugama wokhwima, kumunsi kwake tiwaule pamoto kenako tipake oili wakuda wa galimoto kuti chiswe chisadye. Kuchoka pansi kufika pogona nkhuku, mita imodzi ndi theka. Pogonapo tiyale nsungwi zong'amba, mpata wake chala chimodzi, osapitirira. Ukakula, mwendo wa mwanapiye umakodwa, komanso mnzathu uja apeza polowera.

Amayi Aang'ono: Nanga likongwe sakwera mtengo?

Alamu: Amakwera bwino kwambiri mayi. N'chifukwa chake nsanamira iliyonse tiiveka lata lopinda ngati chipewa choyang'ana pansi, ngati zija amaika pa miyendo ya nkhokwe poletsa makoswe. Akakwera amagunda lata n'kubwerera. Koma pasakhale nthambi yolendewera padenga, apo ayi tavutika chabe.

Mzime: Ndiye pansi pa mpichesi paja ayi?

Alamu: Ayi ndithu.

Malume: Mbali ya kumwera ndi kum'mawa mutseke ndi matabwa. Mphepo ya June ndi July ku Bembeke inu a m'tauni mwaiwala. Anapiye amafa ndi chisanu popanda chilombo chilichonse. Zigamba za paini ndikafunsa kwa ocheka matabwa kuno ku boma.

Achimwene a ku Joni: Waya ndigula ine. Uja wa nkhuku, mpukutu umodzi ukwana?

Alamu: Pamenepo tiyeni timvane alamu. Waya uja wa mabowo aakulu ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, osati kuletsa chilombo kulowa. Galu wanjala amaung'amba ndi mano, njoka ndi khoswe zimangodutsa. Pa mawindo a khola ndi kunsi kwa mpanda pafunika waya wolimba wa timabowo ting'onoting'ono, toti chala chachikulu sichilowa. Ndi wodula, ndiye tiike kuyambira pansi kufika m'chiuno, kumwambako wamba uja. Ndipo tikumbe ngalande masentimita 30, wayayo alowe pansi n'kupindikira kunja, tithire miyala. Chokumba chimayambira pamphepete penipeni pa mpanda, chikapeza waya chimagwa ulesi.

Achemwali Aakulu: Pamwamba pa mpanda bwanji? Ine ndili mwana ndinaona mphamba akutsomphola mwanapiye pamaso pa agogo, iwo ali ndi chipande m'manja.

Alamu: Pamwamba tifunditsa waya wamba. Akhwangwala nawonso aziona ndi maso okha.

Mzime: Dikirani. Ndawawerengera agogo zonsezi, akuti ndilembe mawu awo momwe alili. Akuti: "Auze kuti zikomo, koma nkhuku zanga si akaidi. Zikakhala mumpanda tsiku lonse zidya waya? Masana zizipita kukapalasa, mumpandamo muzikhala make ndi anapiye mpaka atakula."

Malume: Amayi anena zoona. Ndiye mpanda usakule, mamita anayi mbali zonse ukwana. Waya wachepanso pamenepo.

Mzime: Sanamalize. Akuti mita ndi theka ndi chiyani, ndawaonetsa pakhoma. Akuti: "Ndi maondo angawa ndikwere pamenepo kukatola mazira? Akufuna maliro?"

Amayi Aang'ono: 😂😂 Amayi inu!

Alamu: Pepani agogo, pamenepo ndinalakwa, ndimayeza ndi msinkhu wanga. Titsitse lifike mita imodzi. Zisa tiziika m'mbali, zotulukira kunja ngati kabokosi, ndi kachitseko kotsegulira panja. Agogo azingoima, kutsegula, kupisa dzanja. Zisa zinayi zikwana, thadzi lililonse silifuna chakechake.

Mzime: Avomera. Koma akuti kholalo likhale moyang'anana ndi windo la kuchipinda kwawo, chifukwa chilombo china chili ndi miyendo iwiri ndipo chimadziwa kutsegula chitseko.

Malume: Loko ndibweretsa. Mayina tisatchule pagulu pano.

Amayi Aang'ono: Chitosi chogwera pansicho ndi changa, ndaneneratu. Kudimba kabichi akufuna manyowa, feteleza mukudziwa momwe wakwerera. Posinthana, ndizithira phulusa m'maenje a nsanamira ndi mozungulira, linthumbu likabwera ndi mvula lisakwere.

Achimwene a ku Joni: Chabwino, 200 zija mwakana. Koma tambala mmodzi wa Mikolongwe ndiloleni ndigule, mtundu ukule pang'ono.

Malume: Ameneyo gula, koma osati wongotola pamsika n'kumuponya m'khola tsiku lomwelo. Chitopa chimabwera ndi nkhuku yachilendo. Akhale payekha milungu iwiri kaye. Ndipo zonse zilandire katemera wa m'diso uja khola lisanathe, nthawi yotentha isanafike. Iwe mzime ukafunse alangizi tsiku lomwe akudontheza m'mudzimo. Paja amabwereza pakapita miyezi ingapo, ulembe pa kalendala.

Achemwali Aakulu: Ndiye tigawane. Achimwene waya ndi tambala. Malume matabwa ndi loko. Ife misomali, malata atatu ndi mahinjesi, bambo a kunyumba kuno akagula ku Malangalanga Lachisanu, Loweruka alawirira pa minibasi. Mayi aang'ono nsungwi ndi bulugama. Achimwene, ya wayayo mutumize pa Airtel Money yanga pofika Lachinayi, osati "mawa" ngati ya maliro ija.

Achimwene a ku Joni: Achemwali mpaka pagulu? Nditumiza.

Malume: Chinthu chimodzi palibe wanena. Dzuwa likalowa, wotseka khola ndi kuchotsa makwerero ndani? Makwerero akagona pakhomo, zipewa za malata zija n'zokongoletsa chabe.

Amayi Aang'ono: Mzime ali pomwepo.

Mzime: Ndimadziwa kuti zithera pa ine. Nanga masiku a sitade yamadzulo?

Amayi Aang'ono: Masiku amenewo nditumiza mwana wanga wamng'onoyu, bola uzineneratu m'mawa.

Achemwali Aakulu: Nanga lero mpaka Loweruka zigona kuti? M'khitchini muja ayi.

Mzime: Agogo aweruza kale. Akuti zivundikiridwe ndi madengu awiri, mwala pamwamba, kuchipinda kwanga.

Achimwene a ku Joni: 😂 Utitiri ukuperekeza kusukulu.

Mzime: Achimwene, pa waya paja muwonjezerepo ya sopo.