Kebulo ya sipidomita ya Datsun 120Y idutse pati kuti kamuvi kasiye kuvina?

Mufakose120Y

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikudzutsa Datsun 120Y ya 1975, injini ya A12, magiya anayi. Bodi inapentedwa itavulidwa zonse, ndiye tizitsulo tomwe tinkagwira kebulo ya sipidomita tinasowa, ndipo njira yake yakale sikuonekanso. Ndaika kebulo ina, koma kamuvi kakungovina pakati pa 20 ndi 40, kwinaku kuseri kwa dashibodi kukumveka kukwecha. Kebuloyo ndi yotalikirapo, moti ndaikhotetsa pafupi ndi giyabokosi n'kuimanga ndi waya. Kodi vuto ndi njira, kebulo, kapena wotchi yeniyeniyo ya sipidomita?

Madala_Gazaland

Achimwene, wotchiyo muisiye kaye. Vuto lili pomwe mwakhotetsa ndi pomwe mwamanga wayapo.

Mkati mwa kebulo muli waya wopota amene amazungulira, ndipo ali ndi nsonga ziwiri. Ina imalowa m'kagiya ka kumchira kwa giyabokosi, ina imatembenuza maginito m'wotchi. Waya ameneyu akafika pokhota kwambiri amakanirira, n'kudzipota, kenako n'kumasuka mwadzidzidzi. Kuvina kwa kamuviko ndi kumeneko, ndipo kumaonekera kwambiri galimoto ikamayenda pang'onopang'ono. Mukapitiriza choncho wayayo adzaduka.

Chotsani kebulo yonse, musolole waya wamkati, mumutsuke ndi parafini. Mugwireni nsonga zonse ziwiri atalendewera ngati U, mumuzungulitse ndi zala. Wabwino amazungulira mosalala. Akamadumpha pamalo amodzi ndiye kuti wathyokera mkati, ndipo kumuwongola n'kutaya nthawi. Chikuto chakunjacho muchionenso: ngati waya munamangayo wachifinya, chitayeni.

Poikanso, yambirani kuwotchi n'kumatsika. Kebulo ituluke pabowo la khoma lolekanitsa injini ndi mkati, ndipo pabowopo pakhale kamphira kake, apo ayi lata lidzadya chikutocho ndipo madzi a mvula azilowa mpaka kumapazi. Muone kuti mkatimo siikukhudza mapedulo kapena ndodo za mawaipa. Ikatuluka itsike motsamira bodi, ilowe m'ngalande ya giyabokosi, ifike pa kagiya molunjika. Pokhota paliponse pakhale potakasuka ngati mukuzungulira limu ya tayala ya mainchesi 12, kutanthauza masentimita 15 kuchokera pakati. Masentimita asanu oyambirira kumbali zonse ziwiri akhale owongoka ndithu.

Ekizozi muitalikire masentimita osachepera khumi. Kutentha kumasungunula pulasitiki wa chikuto, girizi n'kuuma. Pamene malo apanikiza, vekani kansalu kotchinga moto kapena muike kachidutswa ka lata pakati. Italikirenso propshaft (shafiti yaitali yochokera kugiyabokosi kupita ku matayala akumbuyo) ndi ndodo za chiwongolero, ndipo isalendewere kupitirira pansi pa bodi. Ndi maenje a m'misewu yathu nthawi ya dzinja, chilichonse cholendewera chimakokedwa.

Pomangirira gwiritsani tizitsulo tokhala ndi mphira mkati, tiwiri kapena titatu basi, ndipo timangidwe kubodi. Pakati pa kachitsulo komaliza ndi giyabokosi musiye kebulo yolefuka pang'ono, chifukwa injini ndi giyabokosi zimagwedera pa mamauntini ake pomwe bodi ili chiimire. Mukaikunga, nsonga imazuka.

MaiPhiri_Dzivarasekwa

Madala anena zoona, koma pautali ndionjezepo. Kebulo yotalika ndi masentimita ochepa si vuto, utali wotsalawo mumaumwaza m'njira yonse, osaunjika malo amodzi. Ikatalika mpaka kufuna kukulunga, bwezani. Mukamapita kukasaka ina ku Kaguvi Street kapena ku Siyaso kuno ku Harare, nyamulani yakaleyo ngakhale ili yoduka, muyerekeze utali wa chikuto, mazinga a nati ndi kukula kwa nsonga. Ogulitsa amangoti "ya Datsun", pomwe ma Datsun ndi ambiri.

Kukwecha kwa kuseri kwa dashibodi nthawi zambiri kumabwera chifukwa waya wamkati watulukira kwambiri. Mukatha kudutsitsa kebulo m'njira yake, mangani kugiyabokosi koyamba, mukankhe wayayo uku mukumuzungulitsa mpaka mumve kuti walowa m'kagiya. Kumtunda atulukire pafupifupi sentimita imodzi. Akaposa pamenepo amakankha shafiti ya wotchi, ndipo wotchi imaonongeka. Nati ya kugiyabokosi muyambe kuimanga ndi dzanja, chifukwa mazinga ake sachedwa kupotoka. Ikavuta musaikakamize ndi pulayala, ndiye kuti nsonga sinakhale m'malo.

Za mafuta: pakani girizi wopepuka pang'ono chabe, mulowetse waya, kenako mumusololenso masentimita 20 akumtunda n'kupukuta. Wayayu pozungulira amakweza mafuta m'mwamba, ndipo akafika pa maginito kamuvi kamayamba kuyenda mwaulesi kapena kuwerenga mopitirira.

Madala_Gazaland

Mayi, pa girizi pokha tisiyane pang'ono. Girizi wa mabering'i a matayala ndi wolemera, m'mawa wa June kuno ku Harare amalimba, kamuvi n'kuyambanso kunjenjemera. Mafuta a graphite amayenda bwino nyengo zonse. Amene ali ndi girizi yekha apake mongonyowetsa.

China, achimwene: mukapeza waya wamkati ali chonyowa ndi oyilo wonunkha wa giyabokosi, kebulo ilibe mlandu. Kagiya kaja kamakhala m'kachitsulo kogwidwa ndi bawuti imodzi yaing'ono, kunja kuli O-ring (kamphira kozungulira), mkati muli kasilu kakang'ono kotchinga oyilo. Kasilu kakatha, oyilo amakwera ndi kebulo mpaka m'wotchi. Sinthani zonse ziwiri, n'zotchipa.

Mufakose120Y

Zikomo kwambiri madala ndi amayi. Wayayo akudumphadi ndikamuzungulitsa, ndipo chikuto chafinyika. Ndisanagule ina, pali njira yoyesera wotchi payokha? Komanso matayala ndinaika ocheperako kuposa akale, kodi sizisokoneza?

Tchale_Mbare

Njira ilipo, akulu. Kebulo yatsopanoyo imangeni kuwotchi, nsonga ya kugiyabokosi muigwire ndi drill yabatire, kebulo ili yowongoka. Yambani pang'onopang'ono. Kamuvi kakapanda kusuntha, tembenuzani drill izungulire mbali inayo. Mawotchi a galimoto za ku Japan anapangidwa kuti waya akazungulira ka 637 pa mphindi, kamuvi kaloze 60 km pa ola, ndipo ambiri nambalayi inalembedwa timalemba tating'ono m'munsi mwa nkhope yake. Kamuvi kakakwera n'kukhazikika, wotchi ili bwino. Kakavinabe kebulo ili yatsopano ndi yowongoka, ndiye kuti mkati mwa wotchi mwauma kapena mwadyeka. Imeneyo ndi ntchito ya okonza mawotchi, musathiremo oyilo.

Matayala ang'ono amazungulira kambiri pa kilomita imodzi, choncho wotchi iwerenga mopitirira, koma mokhazikika, osavina. Yerekezani ndi GPS ya pafoni pamsewu wowongoka ngati Seke Road. Ikamati 66 pomwe foni ikuti 60, yapitirira ndi 10 peresenti. Mankhwala ake ndi kagiya ka mano ambiri: ngati kanu kali ndi mano 18, ka mano 20 kabweza pafupifupi mulingo womwewo. Koma musadumphe mano ambiri nthawi imodzi osaona ngati kakulumana bwino ndi giya ya pashafiti, chifukwa kagiyako ndi kapulasitiki, kamadyeka msanga. Pochotsa ikani mbale pansi, oyilo pang'ono amatuluka pabowopo.