Alendo akufuna Sapitwa koma mvula sikukata: tiwayankhe bwanji?

Gaidi wa ku Likhubula:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru usiku uno. Ndili ndi alendo ochokera ku Switzerland. Tinagwirizana kuti mawa tikagone ku nyumba ya alendo ya m'phiri ya Chisepo, mkuja tikwere Sapitwa, nsonga yaitali ya phiri la Mulanje. Mvula mukuiona nokha, yagwa sabata yonse. Mmodzi wandifunsa kuti lero chiopsezo chili pa nambala yanji. Akuti kwawo sakwera phiri nyengo yozizira asanawerenge chenjezo la avalanche, kuja chipale chofewa chimagumuka n'kukwirira anthu. Ndawauza kuti kuno chipale sichiunjikana, iwo akuti nanga dothi ndi miyala? Ndiwayankhe chiyani chogwira mtima?

Gaidi wamkulu wa ku Fort Lister:
Mwana wanga, mlendoyo wafunsa bwino. Kwathu kuno ndi napolo. Amene tinaona za ku Phalombe mu Malichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi, sitisewera ndi mvula ya masiku otsatizana. Freddy mu 2023 anatikumbutsanso, zipsera zake zikuonekabe m'phirimu. Dothi la Mulanje ndi lopyapyala, langokhala pamwamba pa thanthwe. Likakhuta, madzi amayenda pakati pa dothi ndi mwala, ndiye lonse limatsetsereka pamodzi ndi mitengo yomwe. Choopsa si mvula ya lero yokha ayi, ndi imene inalowa kale pansi. Dzuwa likhoza kuwala m'mawa phiri lili lonyowa mkati. Sapitwa musiyeni.

Gaidi wamkazi wa pa Boma:
Madala anena zoona, ndipo achimwene, mukawafotokozera motero alendowo amva msanga chifukwa za kwawo zimayenda chimodzimodzi. Chipale chimagwa mosanjikizana. Pakakhala gawo lofooka pansi, chapamwamba chimang'ambika n'kutsetsereka chonse, makamaka pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Nthawi zambiri amene amachigumula ndi kulemera kwake ndi munthu wokwiririka yemweyo kapena mnzake. Chenjezo lawo limachokera ku bungwe lofufuza za chipale la SLF ku Davos, manambala ake 1 mpaka 5. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti ambiri amafa pa 3 osati pa 5. Pa 5 aliyense amakhala pakhomo. Pa 3 kunja kumaoneka bwino, munthu n'kumati ndiyesako.

Ifenso tsiku lotipweteka si la chimvula chamkuntho. Ndi tsiku limene kwangocha bwino pambuyo pa mvula yambiri, mlendo atavala kale nsapato.

Kusiyana kulipo. Iwo amanyamula kachipangizo kosakira munthu wokwiririka, ndodo yofufuzira ndi fosholo, chifukwa wokwiririka ndi chipale akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira mwayi wopulumuka umakhala waukulu. Napolo sapereka mpata umenewo. Ndi matope, miyala ndi zigogo. Chida chathu n'kusapezekapo basi.

Potala wa ku Likhubula:
Zonsezi ndamva, koma tinene chilungamo. Nyengo ino alendo ndi osowa. Achimwene akakana, alendowo mawa apeza wina pachipata wovomera, ife katundu watipita, ana kunyumba akudikira. Vuto lili pamenepo.

Gaidi wamkulu wa ku Fort Lister:
Wanena mawu, ndipo sindikutsutsa. N'chifukwa chake kukana kusakhale kwa munthu mmodzi. Tikagwirizana tonse kuti mawa Sapitwa kulibe, mlendo akafunsa kwa uyu ndi uyo amva yankho limodzi. Komanso iweyo ndi amene umawoloka mtsinje ndi chikwama cholemera kumsana. Madzi akafika m'mawondo ali ndi liwiro, woyamba kukokoloka ndiwe, osati mlendo.

Gaidi wa ku Lujeri:
Kuno mbali ya Ruo madzi afiira kuyambira masana ndipo akutsika ndi zinyalala. Njira ya ku nyumba ya alendo ya Madzeka sindikutengerako munthu. Achinyamata amene mwangoyamba ntchito, mvetsani izi. Mtsinje ukada mwadzidzidzi, ukabwera ndi nthambi zaziwisi, kumtunda kwagumuka. Choopsa koposa, madzi akachepa mvula ikugwabe, dziwani kuti atsekeka penapake ndipo akaphulika abwera onse pamodzi. Musaime n'kumajambula. Mukamva kugunda ngati galimoto yaikulu kumtunda, thawirani m'mbali chokwera, osati chotsika ndi khwawa. Yang'ananinso ming'alu yatsopano m'njira, mitengo yopendekeka, kasupe wotumphuka pamene panalibe. Malo amene anapsa ndi moto kapena anadulidwa mikungudza ndimawaopa kwambiri, palibe chogwira dothi.

Gaidi wamkazi wa pa Boma:
Chimodzi tingabwereke kwa iwo: pamalo okayikitsa amadutsa mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali potetezeka. Ife timakonda kuunjikana m'khwawa, ena mpaka kupumira momwemo chifukwa pali madzi akumwa. Nyengo ino tizipumira pamtunda.

Za nambala, bwanji tikhale ndi zathu zitatu zosavuta? Njira zonse zotseguka; zapamwamba ndi zowoloka mitsinje zotseka; phiri lonse lotseka. Madzulo aliwonse mbali iliyonse izinena za mtsinje wake, tiphatikize ndi uthenga wa a zanyengo. A zanyengo akachenjeza za namondwe, palibenso zokambirana.

Gaidi wa ku Likhubula:
Ndayankhula nawo. Nditangotchula za dothi lokhala pathanthwe, bambo uja anagwedeza mutu, sanatsutse n'komwe. Ndawauzanso kuti ngakhale popanda napolo, matanthwe a pamwamba pa Chisepo akanyowa amaterera, ndipo nkhungu ikatseka pa mamita 3,002 njira siioneka. Avomera kudikira. Mawa tizungulira m'minda ya tiyi, phiri tiliona tsiku lotsatira ngati mitsinje yatsika. Mapotala anga musadandaule, alendo avomera kulipira tsiku lodikirali.

Gaidi wamkulu wa ku Fort Lister:
Zakhala bwino. Mawa tonse tili pachiwiri: Sapitwa, Ruo ndi njira zowoloka mitsinje n'zotseka. Amene muli ndi alendo m'mwamba usiku uno, akhale m'nyumba zomwe agonazo mpaka madzi atsike, chakudya chikachepa tiuzeni. A ku Thuchila ndi a ku Lichenya sitinakumveni, tipatseni za mitsinje yanu isanakwane 6 koloko m'mawa. Za manambala atatuwa tikazikhazikitse pamsonkhano, a zankhalango alipo.