Matabuleti a kumadepoti ndi pulogalamu ya akaunti sizikumvana, ndilembe protocol yanga?

Wa ku Kanengo

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru nyengo yogula soya isanafike. Komwe ndimagwira ntchito tili ndi nkhokwe kuno ku Kanengo ndi madepoti ku Mitundu, Nsundwe ndi Kasiya. Pa depoti iliyonse kalaliki amalemba makilogalamu a mlimi pa tabuleti ya Android. Tabuletiyo imatumiza HTTP POST ku pulogalamu ya PHP, ya PHP imalemba fayilo ya CSV, ndipo usiku pulogalamu ya akaunti, yomwe ndi ya Java, imatola fayiloyo. Sikelo yoyeza magalimoto kunkhokwe nayo imalankhula zakezake pa socket, ndipo amene anazilemba anachoka kalekale osasiya ngakhale kapepala.

Netiweki ikathawa kudepoti, malisiti ena amasowa, ena amafika kawiri kalaliki akadinanso batani. Mlimi akalipidwa kawiri, abwana saseka. Ndikuganiza zolemba protocol yangayanga, malamulo a kalankhulidwe ka mapulogalamu, yoti zonsezi zizimvana. Mukuti bwanji?

Mdala wa maseva

Iyayi achimwene, musayerekeze. Zimene mukulira nazo pa sikeloyo ndi zomwenso adzalire nazo wobwera pambuyo panu. Ikani broker pakati, pulogalamu yolandira mauthenga n'kuwapereka kwa oyenera, aliyense azilankhula ndi iyeyo basi, m'njira yodziwika kale.

Kumadepoti gwiritsani ntchito protocol ya MQTT. Anaipanga Andy Stanford-Clark wa ku IBM ndi Arlen Nipper mu 1999 pofuna kuyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa satelayiti, komwe deta inali yodula komanso kulumikizana kumadukaduka. Ndiye za ku Kasiya sizingaidabwitse. Mutu (header) wa uthenga wake umayambira pa mabayiti awiri okha, bandulo siimva kuwawa. Version 3.1.1 inavomerezedwa ndi bungwe la miyezo la OASIS mu 2014, kenako 5.0 mu 2019, ndipo ma library alipo a Java, Python, C ndi ena, monga a Eclipse Paho. Sikeloyo musalimbane nayo. Ikani kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi pambali pake, kaziwerenga zomwe ikulavula n'kuzitumiza ngati MQTT.

Wa Java ku City Centre

Madala ndikugwirizana nanu za kumadepoti, koma mbali ya ndalama ine sindingaisiye pa MQTT yokha. Kumeneko mukufuna queue, mzere wa mauthenga odikira, yosunga uthenga pa disiki mpaka pulogalamu itanena kuti ndalemba m'database. Imeneyo ndi ntchito ya protocol ya AMQP, yomwe inayambira kubanki ya JPMorgan Chase mu 2003 chifukwa cha mutu womwewu, wa mapulogalamu a makampani osiyana osamvana.

Ubwino wake simukufunika ma broker awiri. Broker ya RabbitMQ imalankhula zonse ziwiri, mungoyatsa plugin ya MQTT. Tabuleti ikatumiza pa topic (adiresi ya uthenga) ya depoti/kasiya/lisiti, uthengawo umalowa mu exchange ya amq.topic, yomwe imagawira mauthenga ku ma queue, ndipo mizere yopendekerayo imasanduka madontho, depoti.kasiya.lisiti. Inu mumangirire queue yanu ndi depoti.*.lisiti, pulogalamu ya Java izikoka pamenepo. Ya PHP nayo ikhale ndi queue yakeyake, CSV ipume.

Zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu. Wina akakuuzani kuti "ife timagwiritsa ntchito JMS", sanakuyankheni. JMS ndi API ya m'kati mwa Java, sinena chimene chikuyenda pa waya, ndiye mufunseni kuti library yake imalankhula chiyani. Komanso AMQP 0-9-1 ndi AMQP 1.0 angofanana dzina, koma ndi ma protocol awiri osiyana. RabbitMQ inakulira pa 0-9-1, ndipo 1.0 inalowa pakatikati pake mu version 4.0 ya 2024. Onetsetsani kuti library ndi broker akunena imodzi.

Wa ku Kanengo

Zikomo achemwali. Nanga za kufika kawirizi? Ndawerenga kuti QoS 2, mlingo wapamwamba wa kafikitsidwe ka uthenga mu MQTT, imafikitsa uthenga kamodzi ndendende. Ndingoika imeneyo nkhani ithe?

Wa Java ku City Centre

Singathe. Plugin ya RabbitMQ ilibe QoS 2, ili ndi 0 ndi 1 basi. Ndipo ngakhale mutapita ku broker ya Mosquitto yomwe ili nayo, lonjezo la QoS 2 limathera pakati pa tabuleti ndi broker. Kalaliki akadina kawiri, kwa broker amenewo ndi mauthenga awiri abwinobwino, idzawapereka onse mokhulupirika.

Chitani chonchi. Lisiti lililonse lizilandira UUID, nambala yosafanana ndi ina iliyonse, nthawi yomwe fomu ikutsegulidwa pa tabuleti, osati potumiza. M'database ya akaunti ikani unique constraint, lamulo loletsa kubwereza, pa UUID imeneyo. Tumizani pa QoS 1, yomwe imati uthenga ufika, mwina kangapo. Wachiwiri akafika, database imukana, pulogalamu ipereka ack, yankho louza broker kuti ndalandira, n'kupitiriza. Ndipo ack iziperekedwa commit ya m'database ikatheka, osati uthenga ukangolandiridwa, apo ayi magetsi akathima pakati pamenepo lisitilo lapita.

Wa Android ku Area 25

Ndiwonjezereko mbali yanga. Musadalire library kuti ikusungirani zonse. Lisiti liziyamba kulembedwa mu SQLite ya pa tabuleti, lizichongedwa kuti latumizidwa yankho lotsimikiza la PUBACK likabwera kuchokera ku broker. Netiweki ikasowa tsiku lonse, zimangodikira. Android imapha mapulogalamu a kumbuyo posunga batire, ndiye kutumizako kuikeni mu WorkManager.

Mdala wa maseva

Zonsezi n'zoona, koma pali china chimene palibe wachitchula. Protocol ndi envulopu chabe, kalata ya m'katimo mulemba nokha. Khalani pansi ndi wa PHP ndi wa akaunti, mugwirizane pa tsamba limodzi za JSON yanu: kulemera kuli m'makilogalamu kapena m'magalamu, ndi kwa thumba lomwe kapena kwa mbewu yokha, ndalama zilembedwa m'matambala ngati nambala yathunthu osati float, nthawi ili mu ISO 8601 ndi +02:00 kumapeto. Ikaninso nambala ya version mu uthengamo, chifukwa tabuleti ya ku Nsundwe idzakhala miyezi isanalandire update, mukudziwa mmene zimakhalira. Zimenezi mukazilumpha, mauthenga azifika onse bwinobwino koma mawerengero osagwirizana.

Port ya MQTT ikhale 8883 ya TLS, yomwe imabisa uthenga m'njira, 1883 yosabisayo musaitsegulire kunja.

Wa ku Kanengo

Ndabweranso akuluakulu. RabbitMQ yaima, pulogalamu ya Java ikukoka, ndayesa kutumiza lisiti limodzi mobwereza dala ndipo lalowa kamodzi. Koma pali chodabwitsa. Tabuleti imodzi ikakhala yokha zonse zili bwino. Ndikayatsa yachiwiri, ziwirizi zikumangoduka n'kulumikizanso mosinthana, ngakhale zili pa Wi-Fi ya muofesi momuno.

Wa Android ku Area 25

Kkkk onani client ID, dzina lomwe tabuleti imadzitchula nalo kwa broker. Ndikukhulupirira kuti zonse zili ndi imodzi yomwe inabwera mu fayilo ya config. Lamulo la MQTT limati wina akalowa ndi client ID yomwe ili kale m'kati, broker imatulutsa woyambayo. Wotulutsidwayo nayenso amadzilumikizanso yekha n'kutulutsa mnzake, osatha.

Wa ku Kanengo

Ndi zomwezo aise, zonse zinalembedwa "tabuleti". Tsopano iliyonse ili ndi dzina la depoti ndi nambala yake, zakhazikika.

Wa Java ku City Centre

Musanazitumize kumadepoti, tabuleti iliyonse muipatse username yake ndipo muiloleze kulemba pa topic ya depoti yake yokha, kuti imodzi ikabedwa mungotseka imeneyo. Ndipo mukamaika pa seva yeniyeni, pangani ma queue kaye musanayatse matabuleti. Uthenga ukafika pa exchange popanda queue yomangiriridwa, RabbitMQ imangoutaya.